Kuboola lilime: zimene kachitsulo kamachita kumano, ndi kasamalidwe ka bala lake

Pa misonkhano ya achinyamata ndi ya amayi imene ife ongodzipereka a zaumoyo timachititsa pamsasa pano, funso lina lakhala likubwera kawirikawiri: kodi kuboola lilime n'kuikapo kandolo kuli ndi vuto? Atsikana amafunsa monong'ona msonkhano ukatha. Makolo amafunsa atakwiya kale, mwana atafika pakhomo ndi kachitsulo mkamwa. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe onse pamodzi m'kalata ino, kuti amene akuganiza zoboola asankhe akudziwa, ndipo amene anaboola kale adziwe kudzisamalira.

Yankho lalifupi ndi lakuti vuto lilipo, ndipo lili pawiri. Loyamba ndi la masabata oyambirira, pamene bala likadali laliwisi. Lachiwiri limabwera mwakachetechete patapita miyezi kapena zaka, pamene kachitsulo kaja kakhala kakugogoda mano ndi kukhula nkhama tsiku ndi tsiku. Bala limapola, koma dzino losweka silimeranso.

Fashoniyi ikutifika bwanji

Ambiri a ife olankhula Chichewa tili ndi abale m'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands. Agogo awo anachoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzakumba golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, chrome ku Shurugwi ndi asbestos ku Shabanie ku Zvishavane, enanso kudzagwira ntchito kufakitale ya zitsulo ya Zisco ku Redcliff. M'makomboni a kumeneko Chichewa chikumvekabe mpaka lero. Ine ndinakhalako zaka zingapo ku Shurugwi ndi ku Zvishavane ndisanabwere kuno, ndipo ndikudziwa kuti chimene chatchuka kumeneko sichichedwa kutipeza. Chimabwera ndi mlendo, kapena pa zithunzi za pa WhatsApp ndi TikTok.

M'matauni amenewa ndalama imayenda mofulumira golide akapezeka, ndipo mafashoni a ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg amafika msanga. Oboola ena amagwira ntchito yawo pamalo aukhondo. Koma ena amaboolera kuseri kwa saluni, m'kachipinda kometera, kapena kunyumba kwa mnzawo, ndi singano imene yaboola kale anthu ena. Mtengo umakhala wotsika, ntchito imatha m'mphindi zochepa, ndipo woboolayo simudzamuonanso zinthu zikavuta.

Tisanamizane kuti kudzikongoletsa poboola thupi n'kwachilendo kwa ife. Amayi achiyao ankavala chipini pamphuno. Amayi achimang'anja a kuchigwa cha Shire ankaboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo pelele, ndipo David Livingstone, amene anafika kumeneko mu 1859, analemba za mwambowu. Mphini ndi ndolo tonse tikuzidziwa. Choncho sindikulemba kuti ndinyoze munthu wofuna kuoneka bwino. Nkhani ndi yakuti lilime si khutu.

Chifukwa chake lilime ndi malo ovuta

Khutu la m'munsi ndi kachikopa kofewa kopanda ntchito yaikulu. Lilime ndi mnofu wamphamvu wodzaza ndi mitsempha ya magazi ndi minyewa imene imatithandiza kumva kukoma, kulankhula ndi kumeza. Tukulani lilime lanu pagalasi, muona mitsempha iwiri yodera pansi pake. Singano ikalasa mtsempha waukulu, magazi amatuluka ambiri ndipo savuta kubwereranso ngakhale atasiya. Ikakhudza mnyewa, mbali ina ya lilime imachita dzanzi. Kwa ambiri dzanzilo limatha, koma kwa ena limakhalitsa.

Chachiwiri, mkamwa mwa munthu aliyense, ngakhale wotsuka mano bwino, mumakhala tizilombo tamitundu yambirimbiri. Nthawi zonse sititivuta chifukwa khungu la mkamwa limatitchinga. Kuboola kumatitsegulira khomo lolowera mumnofu ndi m'magazi, pamalo ofunda ndi onyowa pamene simungamangepo bandeji.

Chachitatu, lilime lili pakhomo pa njira ya mpweya. Chala chikatupa mumangovutika kugwira khasu. Lilime likatupa kwambiri, munthu amalephera kupuma.

Zoopsa za masiku oyambirira

Kutupa pang'ono, kuwawa, kuchucha malovu ndi kulankhula movutikira kumachitikira pafupifupi aliyense m'masiku 3 mpaka 7 oyamba. Choopsa ndi pamene tizilombo tafalikira pansi pa lilime ndi m'munsi mwa chibwano. Madokotala amatcha vutoli Ludwig's angina. Pansi pa kamwa pamatupa n'kulimba ngati thabwa, lilime limakankhidwira m'mwamba ndi kumbuyo, ndipo njira ya mpweya imatsekeka. Sizichitikachitika, koma zikachitika munthu atha kumwalira m'maola ochepa ngati sanafike kuchipatala.

Tizilombo tikalowa m'magazi titha kukakhazikika pa timavavu ta mumtima. Izi n'zoopsa makamaka kwa amene anabadwa ndi vuto la mtima, ndi amene mtima wawo unaonongeka ali ana chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino. Matenda a mtima amtunduwu ndi ofala m'maiko athu ano, ndipo ena ali nawo osadziwa.

Palinso nkhani ya singano. Singano imene yaboola munthu wina itha kupatsira HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ndipo chida chauve chitha kubweretsa kafumbata. Kachilombo ka hepatitis B n'kolimba kwambiri, kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma pachida kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Kupukuta singano ndi sipiliti, kuiviika mu kachasu, kapena kuiwaula pa kandulo sikokwanira. Kuchipatala zida amaziphika m'makina otchedwa autoclave, amene amagwiritsa ntchito nthunzi yotentha madigiri 121 kapena kuposerapo. Woboola amene alibe makinawa, komanso satsegula singano yatsopano m'paketi inu mukuona, akuseweretsa moyo wanu.

Chitsulo chenichenicho nachonso chili ndi nkhani. Tindolo totchipa ta pamsika nthawi zambiri timakhala ndi nickel, chitsulo chimene matupi a anthu ambiri amadana nacho. Pamalo pobooledwapo pamayabwa, pamafiira, ndipo bala silipola.

Zimene kachitsulo kamachita kumano

Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge mofatsa, chifukwa vutoli limayamba pamene munthu akuganiza kuti zonse zatha bwino.

Kandolo ka palilime ndi kamtengo kachitsulo kokhala ndi timipira tiwiri, kena pamwamba pa lilime, kena pansi. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo dzino lililonse lili ndi chikuto choyera cholimba kwambiri kuposa fupa. Koma kulimba kwake n'kofanana ndi kwa mbale yadothi yowotcha: ikagogodedwa pamalo amodzi mobwerezabwereza, imachita mng'alu. Kampira kapamwamba kamagunda mano polankhula ndi potafuna. Ambiri amazolowera kukaseweretsa, kukayendetsa pamano kapena kukaluma akakhala chete, ndipo sadziwa n'komwe kuti akutero. Ena amakaluma mwangozi pakudya kapena ali m'tulo. Mano otafunira a kumbuyo ndi amene amabenthuka kawirikawiri. Poyamba mumangomva kunyerenyetsa mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha. Mng'alu ukafika mkati mwa dzino momwe muli mnyewa, ululu wake sugonetsa.

Kampira kapansi kamachita ntchito ina. Kamakhala kakukhula nkhama kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, malo amene simuwaona pagalasi. Nkhama zimayamba kutsika pang'onopang'ono n'kusiya muzu wa dzino pamtunda. Zikapitirira, fupa logwira dzinolo limadyeka, dzino limayamba kugwedera, kenako limachoka. Nthawi zambiri izi sizipweteka mpaka mochedwa. Nkhama zikatsika sizikweranso zokha. Kachitsulo kakakhala katali, komanso kakakhala mkamwa zaka zambiri, vutoli limakula. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a mano la ku America, American Dental Association, limalangiza anthu kuti asamaboole lilime kapena milomo. Ku Wales, kuyambira mu 2018, ndi mlandu kuboola lilime la munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera.

Pamwamba pa izi, zotsalira za chakudya zimamatirira pa kachitsuloko monga zimachitira pamano, n'kuyambitsa fungo la mkamwa ndi kutupa kwa nkhama.

Mtsikana wina amene tinkakhala naye moyandikana ku Zvishavane anakhala ndi kandolo zaka ziwiri popanda dandaulo lililonse. Tsiku lina akudya chimanga chokazinga analuma kampira kaja, dzino la kumbuyo linang'ambika pakati mpaka kumuzu. Panalibenso chomata. Analizula ali ndi zaka 22.

Tiganizirenso kumene tili. Amene timawaona pa TikTok ndi tindolo tonyezimira, ambiri amakhala kumene dokotala wa mano ali pafupi ndipo ndalama yomulipira ilipo. Kuno madokotala a mano ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Kukonza dzino losweka, kulichiza muzu kapena kuliveka chisoti kumafuna ndalama zambiri, maulendo angapo, komanso kwa ife chilolezo chotuluka pamsasa. Kwa munthu wosauka, dzino losweka mathero ake amakhala kuzula. Kuboola n'kotchipa, koma kukonza zimene kwaononga n'kodula.

Amene sayenera kuboola n'komwe

Ngati muli ndi vuto la mtima, matenda a shuga kapena khunyu, musayerekeze. Chimodzimodzi ngati magazi anu savuta kutuluka ndipo amachedwa kusiya, ngati mukumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ngati muli ndi pakati, ngati chitetezo cha m'thupi mwanu chatsika, kapena ngati muli kale ndi mano obooka ndi nkhama zotuluka magazi. Mwana wosakwana zaka 18 asabooledwe.

Kwa abale athu amene amagwira ntchito ya chikorokoza kumapiri ngati a Boterekwa kapena m'migodi yakale ya ku Kwekwe, palinso zifukwa zina. Manja amakhala ndi dothi tsiku lonse, madzi abwino ndi osowa, ndipo chipatala chili kutali ngati lilime litatupa usiku. Utsi wa mekyule umene umatuluka powotcha golide umatupitsa nkhama pawokha. Kuonjezerapo bala ndi chitsulo mkamwa motere n'kuputa mavuto.

Ndinenenso ichi kwa atsikana. Ngati chibwenzi kapena munthu wina aliyense akukukakamizani kuboola lilime pofuna kudzisangalatsa iye, muli ndi ufulu wokana. Thupi ndi lanu, mano ndi anu. Akapitiriza kukuvutitsani, kauzeni a ofesi yoona za chitetezo cha amayi ndi ana, nkhani yanu adzaisunga mwachinsinsi.

Ngati mwatsimikiza mtima kuti muboola

Malangizo anga ndi akuti musaboole. Koma ndikudziwa kuti ena aboolabe, ndiye ndi bwino adziwe izi. Musadziboole nokha ndipo musalole mnzanu kukuboolani. Woboola asambe m'manja, avale magolovesi atsopano, atsegule singano yatsopano pamaso panu, ndipo akuonetseni makina ophikira zida. Kachitsulo kakhale ka titanium kapena chitsulo chovomerezeka kuikidwa m'thupi, kotuluka m'paketi yomata. Ayang'ane kaye pansi pa lilime lanu kuti aone pamene mitsempha yadutsa. Kanani kuboola kopingasa kunsonga kwa lilime, kumene amakutcha snake eyes, chifukwa timipira take timakhala pamano penipeni nthawi zonse. Musapite mutamwa mowa. Funsaninso kuchipatala ngati munalandira katemera wa kafumbata ndi wa hepatitis B.

Kusamalira bala

Bala la palilime limatenga masabata 4 mpaka 6 kuti lipole, kwa ena mpaka 8. Nthawi yonseyi chitani izi:

1. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire mkamwa. Ngati palibe chifukwa, musagwiremo.

2. Chukuchani ndi madzi amchere mukatha kudya komanso musanagone, ka 4 kapena ka 5 patsiku, kwa masekondi 30. Tengani supuni yaing'ono ya tiyi, muigawe panayi, gawo limodzi la mchere musungunule m'kapu imodzi ya madzi owiritsa amene mwawasiya kuti akhale ofunda. Mchere ukachuluka umawotcha bala. Madzi akhale owiritsa ndithu, osati ongotunga pachitsime kapena pampopi.

3. Musachukuche ndi mowa, sipiliti, Jik, Dettol kapena mankhwala ochukuchira okhala ndi alcohol. Musapake phulusa, adyo, mafuta kapena mankhwala azitsamba pabala.

4. Gulani mswachi watsopano wofewa, muzitsuka mano kawiri patsiku. Bala likayamba kupola, muzitsukanso kachitsuloko mosamala.

5. Masiku oyamba idyani zofewa ndi zozizira: phala lozizira, nthochi, mapeyala, mbatata yosinja, mazira. Dulani nthongo zing'onozing'ono, muziike kumano a kumbuyo n'kutafuna modekha. Pewani tsabola, zowawasa, zotentha kwambiri, nzimbe, chimanga chokazinga ndi chingamu.

6. Pochepetsa kutupa, imwani madzi ozizira pang'onopang'ono kapena vumatani tizidutswa ta madzi oundana opangidwa ndi madzi owiritsa. Pogona, mutu ukhale pamwamba.

7. Pa ululu imwani paracetamol monga mwa malangizo a papaketi. Musamwe aspirin, chifukwa amachititsa kuti magazi asamasiye msanga.

8. Musasute fodya, musamwe mowa. Musapsompsonane, musagonane kudzera mkamwa, ndipo musabwerekane kapu, supuni kapena botolo mpaka bala litapola.

9. Musaseweretse kachitsuloko. Chizolowezi chimenechi chikayamba pa masiku oyamba chimavuta kusiya, ndipo ndi chimene chimaswa mano.

Poboola amaika kachitsulo katali, ka pafupifupi masentimita 2, kuti lilime lipeze malo otupira. Kutupa kukatha, patapita masabata awiri kapena kuposerapo, bwererani kwa wodziwa ntchitoyo akaikemo kafupi. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi pofuna kusunga ndalama, n'kukhala ndi kachitsulo katali kamene kamaswa mano.

Bala litapola

Tsiku lililonse, ndi manja osamba, onani ngati timipira tamangika bwino. Kampira komasuka kakamezedwa nthawi zambiri kamatuluka ndi chimbudzi, koma kakalowera kunjira ya mpweya ndi ngozi. Chotsani kachitsulo posewera mpira, ndipo auzeni achipatala kuti muli nako musanajambulidwe X-ray kapena kuchitidwa opaleshoni. Timipira tapulasitiki timachepetsako kubenthuka kwa mano, koma timakhulabe nkhama.

Kamodzi pamwezi, pemphani wina amene mumamukhulupirira aunike ndi tochi ya pafoni kuseri kwa mano anu akutsogolo a m'munsi. Ngati dzino lina likuoneka lalitali kuposa anzake, ngati nkhama zafiira kapena zikutuluka magazi, ngati mukumva pakuthwa padzino ndi lilime, chotsani kachitsuloko osabwezeranso ndipo pitani kuchipatala. Kachibowo kapalilime kamatsekeka kokha, ndipo nthawi zambiri kamangosiya kachipsera kakang'ono.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono pabala latsopano si mafinya, ndi mmene bala la mkamwa limapolera. Koma musadikire kuti kuche ngati mukuona izi: kupuma kapena kumeza malovu kukuvuta, pansi pa lilime, pachibwano kapena pakhosi patupa n'kulimba, mawu asintha, magazi sakusiya ngakhale mwapanikiza ndi kansalu koyera kwa mphindi 10 mpaka 15, thupi latentha ndipo mukunjenjemera, pakutuluka mafinya obiriwira kapena onunkha, kutupa kukukula m'malo mochepa patapita masiku angapo, kapena kampira kalowa mumnofu.

Pakakhala mafinya musazule kachitsuloko nokha, chifukwa chibowo chitha kutsekeka n'kutsekera mafinyawo mkati. Achipatala ndi amene anganene zochotsa. Musagule mankhwala a antibiotic pamsika. Ndipo ngati munabooledwa ndi singano imene mukuikayikira, pitani kuchipatala lero lomwe. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito pokhapokha mukawayamba pasanathe maola 72.

Pamsasa pano yambirani ku kiliniki yathu, ndipo iwo adzakutumizani kwina ngati pakufunika. Uthengawu muwatumizirenso abale anu a ku Midlands: zipatala za boma zilipo ku Zvishavane, ku Shurugwi ndi ku Kwekwe, ndipo chipatala chachikulu cha chigawocho chili ku Gweru.

Mawu kwa makolo

Amayi ndi abambo, mukapeza mwana ali ndi kandolo palilime, mtima umapsa, zimenezo n'zomveka. Koma musamumenye ndipo musakazule mokakamiza, mutha kung'amba lilime. Mwana woopsezedwa amabisa, ndipo amabisanso kutupa ndi kutentha thupi mpaka zinthu zitafika poipa. Khalani naye pansi, mumufunse kuti anaboola liti, kuti, ndi singano yotani. Kenako mubwere naye ku kiliniki. Achipatala akamuonetsa yekha zimene zikuchitika kuseri kwa mano ake, ana ambiri amasankha okha kukachotsa.

Amene muli ndi mafunso ena, kapena mukuchita manyazi kupita nokha ku kiliniki, tipezeni ife ongodzipereka a zaumoyo m'dera lanu. Tidzakuperekezani, ndipo sitidzauza wina aliyense. Mukatha kuwerenga kalatayi, muwerengerenso mnansi wanu amene satha kuwerenga.